Mpukutu Wachitatu wa a Yoramu Mbewe

A Yoramu Mbewe tinawaika m'manda mwezi wathawu. Pa maliro anthu anayankhula zabwino zokhazokha, monga mwa chizolowezi. Ine Zakaria Tembo ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi, iwo ku makina oonetsera filimu, ine pakhomo pong'amba matikiti, ndiye ndilemba zimene ndinaona, zabwino ndi zoipa zomwe.

Anachokera ku Katete m'chaka cha 1957 kubwera kuno ku Halale pa lole ya Ulere, yonyamula anthu ofuna ntchito osalipiritsa. Anayamba ntchito pa fakitale ya mabulangete ku Southerton, kenako anapeza yosesa m'bayisikopo m'tauni. Makina anawaphunzira pongoyang'anitsitsa. Mu 1963 anakwatira mayi Effie, mwana wa anthu a ku Ntcheu wobadwira konkuno. Abusa atawafunsa za kumudzi, anati anali ndi mkazi koma anamwalira. Ukwati unadalitsidwa, anapeza nyumba ku Kambuzuma, anabereka Annet ndi Simon, ndipo mpingo unawasankha kukhala mkulu.

Bayisikopo yathu inali yaing'ono, mipando makumi asanu ndi anayi. Mwini wake anali mayi Luisa, Mpwitikizi wochokera ku Beira. Ankaitanitsa mafilimu a ku France, a ku Poland, a ku Senegal, a anthu oyankhula kwambiri osamenyana, mawu a Chingerezi atalembedwa m'munsi. Obwera anali azungu ovala magalasi ndi ana a ku yunivesite. Anzathu a ku lokeshoni ankatiseka kuti timaonetsa tulo.

Mu June 1982, tauni itangosiya dzina la Salisbury, kunabwera filimu yojambulidwa ndi anthu a ku Sweden. Inali ya akazi otsala m'midzi amuna awo atapita kuntchito kutali. Loweruka loyamba ndili pakhomo ndinamva Chichewa chikutuluka m'katimo, Chichewa chenicheni cha kwathu. Ndinasuzumira ndipo ndinaona nkhokwe ndi amayi akupeta. Ndinaonera mpukutu woyamba wokha, chifukwa filimuyo inali m'mipukutu itatu ndipo ine ndinali ndi khomo loyang'anira.

Apa ndipo panali kulakwa kwanga. Mawa lake titatuluka m'tchalitchi ndinauza a Maliko Daka, wapampando wa sosayite yathu ya maliro. Lolemba a Daka anali kale kwa mayi Luisa. Mayiwo anavomera mokondwa kuti Loweruka masana filimu ikaonetsedwe mu holo ya ku Kambuzuma, pa makina aang'ono onyamula m'manja, woonetsa a Mbewe.

Lachitatu masana, tisanatsegule, a Mbewe anandiitana.

"A Tembo, tsekani chitseko. Khalani pampando wakutsogolo."

Anaika mpukutu wachitatu. Panaoneka mayi wowonda, wa mphini pamasaya, atakhala pakhonde akutongola chimanga. Anayang'ana molunjika ngati akuona munthu, nati: "Ine ndine Eneles. Amuna anga ndi a Yoramu Mbewe a kwa Kawaza. Anapita ku Halale ndili ndi pakati. Akuti kumeneko amaonetsa bayisikopo kwa azungu. N'chifukwa chake ndavomera kuti mundijambule. Chikawafika chithunzichi andione kuti ndili moyo. Mwana wawo Albert anakwatira dzana."

Mawu a Chingerezi m'munsimo anangoti mwamuna wake anapita kum'mwera kalekale. Azungu anaonera masiku anayi osadziwa kanthu.

Makina anazima. Ndinakwera kukachipinda kawo.

"Paja munati anamwalira."

"Ndinatero."

"Munkadziwa kuti ali moyo?"

"Munthu amene sunamulembere kalata zaka makumi awiri ndi zisanu, ungadziwe bwanji?"

"Musandizungulitse, a Mbewe."

"Ndinkadziwa."

Patebulo panali lumo ndi kabotolo ka guluu womatira filimu. Nthawi ya boma la azungu a Mbewe ndiwo ankadula malo amene akuluakulu aletsa, ndipo ankamata mwaluso moti woonera sankazindikira kuti pachoka kanthu.

"Ndi kachidutswa kochepa," anatero. "Ndadula zambiri za eni ake. Lumo ndi lomweli."

"Amenewo anali azungu opsompsonana. Awa ndi akazi anu."

"Mu holomo mudzakhala mayi a Annet. Mudzakhala abusa. Mudzakhala Simon ndi anzake. Inu ndinu mwandiputira zimenezi."

"Kuitana anthu ndaitana ndine, ndavomera. Bodza la mu 1963 si langa."

"Ndikadula, mukanena?"

"Sindipita kukauza munthu. Koma mayi a Annet akandifunsa, sindinama."

Lachinayi ndi Lachisanu sitinayankhulane. Ankafika, n'kukwera kukachipinda kawo, n'kudzitsekera. Sindinadziwe ngati adula kapena ayi.

Loweruka kunali mphepo yozizira. Mawindo a holo tinatchinga ndi mabulangete kuti mukhale mdima. Anthu anadzaza mpaka ena kukhala pansi, a ku Chipata, a ku Dedza, a ku Tete, ena ochokera ku Mufakose ndi ku Rugare. Mayi Effie anakhala mzere wachiwiri pakati pa amayi a mpingo, atavala duku latsopano. Ndinawamva akuuza anzawo kuti, "Zaka zonsezi amaonetsa azungu. Lero muione nokha ntchito ya bambo a Annet."

Makina tinaika patebulo kumbuyo kwa anthu. Ine ndinaima pambali pa a Mbewe. M'thumba la shati yawo munkaoneka kapepala kokulungira lumo.

Mpukutu woyamba anthu anasangalala. Nkhalamba zinkatchula mayina a mapiri, amayi ankaseka kapetedwe ka anzawo, ana ankafunsa m'Chishona kuti agogowo akuti chiyani. Wachiwiri phokoso linachepa, chifukwa akazi a pachinsalupo anayamba kunena za njala ndi za madenga odontha. Amuna ambiri mu holomo anali ndi midzi imene anaisiya, ndipo ena anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

Wachiwiri utatha, a Mbewe anatenga wachitatu. Ntchito imene ankaichita osayang'ana, tsiku limenelo inawavuta. Filimu inapulumuka m'zala zawo kawiri.

"A Mbewe, mwagona kodi?" anafuula a Daka. "Kapena mukufuna mzungu adzakugwirireni?"

Anthu anaseka. Mayi Effie anatembenuka n'kumwetulira amuna awo.

Makina anayamba kulira. Panaoneka chitsime, kenako ng'ombe, kenako njira yolowera m'mudzi. Ndinadziwa kuti khonde lija layandikira. Chithunzi chinanjenjemera pang'ono, ndipo mayi Eneles anaoneka ndi chimanga chawo. Sanadulidwe.

Koma dzanja la a Mbewe linali pa kachitsulo kokwezera mawu. Ndinaliona likupotoza pang'onopang'ono. "Ine ndine Eneles" anamveka ngati munthu woyankhulira kuseri kwa khoma. Milomo ya mayiyo inkayenda, mawu akuzilala. Sindinawagwire dzanja.

Gogo wina wakutsogolo anati, "Takwezani, ife makutu anatha."

A Mbewe anapuma mwamphamvu, napotozera kwina mpaka pamapeto. Mawu anadzaza holo yonse: "…a Yoramu Mbewe a kwa Kawaza. Anapita ku Halale ndili ndi pakati."

Mipando inalira, anthu akutembenuka. Simon anaimirira n'kutuluka. Abusa anavula magalasi. Mayi Effie okha sanatembenuke. Anakhala chowongoka mpaka filimu inatha ndi kansonga kake kanayamba kumenya makina.

Wina anachotsa bulangete pawindo. Palibe amene anatuluka. Mayi Effie anaimirira, nayenda pakati pa anthu kufika patebulo.

"Bambo a Annet, bwezani pamene paja."

"Mayi, tikakambe kunyumba."

"Kunyumba takhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, simunakambe. Bwezani ndiwaone bwino akulu anga."

Bulangete linabwezedwa pawindo. A Mbewe anabweza filimu, ndipo mayi Eneles ananenanso mawu awo onse, mayi Effie ataima pafupi ndi chinsalu moti mthunzi wa duku lawo unkagwera pa chimangacho. Atafika pa dzina la Albert, mayi Effie anati, "Zimitsani. Ndamva."

Mlungu wotsatira bwalo la mpingo linawachotsa pa ukulu ndi kuwaimitsa mgonero. Sanadzikanire. Kunyumba anapeza zofunda zawo zili m'chipinda cha Simon, Simonyo atasamukira kwa amalume ake ku Highfield. Mayi Effie anagula bulangete, nsalu ziwiri ndi shuga, naziika m'sutikesi ya amuna awo, nati asadye m'nyumbamo mpaka atanena tsiku lonyamuka kupita ku Katete.

Anapita mu August, anakhalako masiku asanu ndi anayi. Zimene anandiuza atabwera ndi izi: mayi Eneles anawapatsa madzi osamba, anawaphera nkhuku, ndipo masiku onsewo ankawatchula kuti alendo. Albert atamva kuti afika anapita kudimba, ndipo ankagona komweko mpaka iwo atachoka.

Mayi Effie anawalandiranso pakhomo. Ankawaphikira, ankawachapira, anawadwazika mpaka tsiku lomaliza, koma kuchipinda chachikulu sanabwererenso. Simon anayamba kuwayankhula patapita zaka ziwiri. Ntchito a Mbewe anaigwirabe mpaka maso atayamba kuchita nkhungu.

Tsiku lina tikudya mabanzi kuseri kwa bayisikopo ndinawafunsa chifukwa chake sanadule.

"Ndinadula," anatero. "Lachinayi. Ndinagona nako m'thumba la jekete. Lachisanu ndinamatanso. Simunaone chithunzi chikunjenjemera?"

"Ndinaona."

"Pa ntchito yanga yonse ndi pokhapo pamene ndinamata moipa."

"Nanga mawu munatsitsiranji?"

"Mantha, a Tembo. Mumafuna ndinene chiyani?"

Sindikuwayesa ngwazi. Gogo uja akanakhala ndi makutu abwino, sindikudziwa kuti dzanja lija likanathera kuti, ndipo iwonso sankadziwa.

Pa maliro, mlembi wa mpingo powerenga mbiri yawo anati asiya mkazi mmodzi ndi ana awiri. Mayi Effie anatuma Annet kukamunong'oneza. Mlembiyo anakonza kukhosi, nawerenganso kuti asiya akazi awiri, mayi Eneles a ku Katete ndi mayi Effie a konkuno, ndi ana atatu, woyamba Albert.