Kiyi wa Chipinda Chakumbuyo

Akazi makumi anayi ndi mmodzi anagonapo m'chipinda chakumbuyo kunyumba kwa amayi ogulitsa mazira pamsika wathu ku Adelaide. Iwo sawerenga, timawerenga ndife oyandikana nawo. Kiyi wa chipindacho akhala akumuvala m'khosi zaka zonsezi.

Amati lamulo la 1969 linalola kuchotsa pakati madokotala awiri akavomereza kuti thanzi la mkazi lili pangozi, koma wochokera kuchigawo china ankayenera kukhalako kuno miyezi iwiri. "Mimba imadikira miyezi iwiri?" amatero. Choncho mtsikana aliyense wochokera ku Broken Hill, tauni ya m'chigawo china, ankasanduka mwana wa mchemwali wawo, wokhala nawo kuyambira kalekale.

Sabata yatha Kerryn wogulitsa malalanje anawanong'oneza kuti mng'ono wake wodwala mtima ali ndi pakati. "Amayi, akachotsa pakatipo, amumanga?"

"Iwe, umangodziwa malalanje basi? Lamulo lija linasintha, si nkhani ya apolisinso. Ali kuti?"

"Kufamu, makilomita mazana asanu. Kuno alibe pofikira."

Anavula kiyi uja n'kumufumbatitsa Kerryn, nabwerera kukasanja mazira awo.

Lachisanu Kerryn atseka benchi yake kuti akamutenge mng'ono wakeyo. Lolemba apita naye kwa dokotala.