Juwawo, Juwao ndi Joao ndi munthu mmodzi

Lolemba m'mawa, ndikutsika minibasi pa Chichiri, foni inalira. Anali mlongo wanga Rozina, amene amaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya pulayimale ku Thailand. Kumeneko kunali kale masana.

"Achimwene, andibwezera mapepala. Akuti ndine anthu atatu."

Ndinaseka. Iye sanaseke.

Ndikufotokozereni pang'ono, poti nanenso izi ndaziphunzira sabata yomwe ino. Mphunzitsi wochokera kunja kumeneko amakhala ndi chilolezo chogwirira ntchito cha chaka chimodzi, ndipo chikamatha amakachiwonjezera pamodzi ndi viza. Akafuna kubwera kumudzi patchuthi, pali kachidindo kena kamene amayenera kudinditsa m'pasipoti asanakwere ndege, komulola kutuluka n'kudzalowanso. Akatuluka wopanda kachidindo kameneko, viza imafera pabwalo la ndege, ntchito n'kutheranso pomwepo. Komanso kachidindoko sikakhala ndi masiku oposa a viza yakoyo.

Viza ya Rozina ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Sukulu zawo zimatsekera mu Okutobala, ndipo iye anakonza zobwera masabata awiri kudzaona mwana wake Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu, amene timakhala naye kwathu ku Nancholi. Patha zaka ziwiri mayi ndi mwana akuonana pafoni pokha.

Chaka chino Rozina anasintha sukulu, ndiye anayenera kupereka mapepala onse mwatsopano. Mayi wa mu ofesi ya boma yoona za alendo anawayala patebulo. Satifiketi ya Folomu 4 ikuti Rozina Juwawo. Digiri ikuti Rosina Juwao. Pasipoti ikuti Rozina Joao. Mayiyo sanakalipe, sananyoze. Anangomufunsa mwaulemu kuti mwa atsikana atatuwa, amene akufuna kuphunzitsa ana athu ndi uti?

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani?

Rozina anayankha monga mmene tonse timayankhira kuno: ndi yemweyo. Mawu awiri amenewa amagwira ntchito bwino kwambiri ku Limbe. Ku Thailand akuti alibe mphamvu. Anamuuza kuti abweretse kalata yolumbira, afidaviti, yochokera kwawo, yosonyeza kuti mayina onsewa ndi a munthu mmodzi.

Dzinali linachokera kwa agogo athu aamuna. Anawoloka kuchokera ku Mozambique ali mnyamata n'kudzagwira ntchito ya njanji ku Limbe. Kwawoko ankawatcha dzina la Chipwitikizi lija limene ife timalimva ngati Zhuwawu. Iwo sankadziwa kulemba, ndiye aliyense amene anagwira cholembera analilemba monga mmene khutu lake linamuuzira. Aphunzitsi a Sitandade 1 a Rozina anamva Juwawo. Kukoleji wina anataya w mmodzi panjira. Wansembe amene anamubatiza ankadziwa Chipwitikizi, iye analemba Joao, ndipo mlongo wangayo pokapangitsa pasipoti anakopera kuchikalata cha ubatizo, ati likuoneka lachizungu.

Ine musandifunse. Ine ndine Zuwawo.

Lachiwiri ndinapempha kuntchito, n'kukawatenga abambo ku Nancholi, popeza kholo ndiye mboni yabwino pankhani yotere. Abambo anali telala pakhonde la sitolo ku Limbe zaka zambiri, ndipo mpaka lero satuluka pakhomo opanda jekete. Njira yonse ankadandaula.

"Kodi iwowo sakumuona? Munthu waima pamaso pawo, nkhope ndi yomweyo ili pachithunzi. Akufunanso chiyani?"

"Akufuna pepala, ababa."

"Pepala linabala mwana liti?"

Tinakwera masitepe a ofesi ya loya wina m'tauni. Mlembi wake, mayi wa magalasi amene ankaoneka kuti nkhani zoterezi zinamutopetsa kalekale, anatenga mapepala amene Rozina anatumiza n'kuwawerenga mosadabwa.

"Ndiye bambo, dzina lenileni ndi liti pamenepa?"

"Lenileni ndi limene ndimavomera akandiitana," anatero abambo.

"Chabwino. Tipatseni chitupa chanu cha unzika."

Abambo anachitulutsa m'thumba la m'kati mwa jekete, chokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki. Mayiyo anachiyang'ana, anavula magalasi, n'kundipatsa ine kuti ndidzionere ndekha. Panalembedwa kuti Jowawo.

Taganizani. Mboni imene yabwera kudzalumbira kuti mayina atatu ndi amodzi, yabwera ndi lachinayi. Mwana wake woiperekeza ali ndi lachisanu. Ndinachita manyazi, ndipo sindibisa, ndinapsanso mtima, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikupsera yani. Abambo okha ndiwo sanaone chodabwitsa. Ati pamene ankalembetsa zitupa, mtsikana wolembayo anawafunsa ngati walemba bwino, iwo anangoti eya, pofuna kuti mzere uyende.

Apa ndiye pali nkhani yanga sabata ino, awerengi. Ife dzina timalisunga m'kamwa, ndipo m'kamwa limakhala bwinobwino. Tikafika polemba ndiye timataya mtima. Mwana akabadwa, anamwino amalemba lawo m'buku la kusikelo. Kutchalitchi alemba lawo. Kusukulu apita ndi azakhali ake kukamulembetsa, iwonso atchula monga mmene amatchulira kwawo. L ndi R timangowasinthanitsa ngati ndowa za pachitsime, lero Rozina mawa Lozina. Ena mayeso a Sitandade 8 atawavuta anabwereza ndi dzina la msuweni wawo, ndipo akuyenda nalo mpaka lero, ana awo n'kulitengera. Za masiku obadwa ndisayambe n'komwe, chifukwa mukaona zitupa za anthu akuluakulu mungaganize kuti kale azimayi onse ankachira pa 1 Januwale.

Wina akatiuza kuti apa palakwika, timati bola zikumveka. Ndi angati mwa inu amene munalandira satifiketi, n'kuona kuti chilembo chimodzi chasowa, n'kungoiika m'sutikesi osanena kanthu? Munaopa kuoneka ovuta. Munaopa kubwerera pamzere. Kapena munangosangalala kuti mwakhoza, zina zonse n'kuziona zazing'ono.

Rozina anaona ndithu kuti pa digiri yake pasowa w mmodzi. Ndikukumbuka tsiku limenelo, tili panja pa holo, iye ali mu gauni. Anandionetsa, ine n'kumuuza kuti asiye zovuta, ajambulitse anthu akudikira. Ndine ndinanena zimenezo. Sabata ino mawu amenewo andibwerera kangapo.

Kale zinkatheka chifukwa moyo wathu wonse unkathera pakati pa anthu otidziwa. Ahedi ankawadziwa abambo ako. Abwana ankapemphera ndi amalume ako. Pepala likalakwa, nkhope inkakonza. Koma tsopano ana athu akupita kumene kulibe amene anadyako ukwati wa makolo awo. Tikuwalimbikitsa tokha kuti pitani, kuno ntchito kulibe, kaphunzitseni kunja. Akafika kumeneko munthu yekhayo wowaimira ndi pepala, ndipo pepalalo tawapatsa lachibwibwi.

Sindikuwada a ku Thailand. Ndikanakonda kuwada, mtima ukanapepuka, koma sindikupeza polakwa pawo. Kodi ife kuno mphunzitsi wochokera kunja akabwera pasukulu ina ku Nyambadwe ndi mapepala a mayina atatu, tingamusiyire ana athu chifukwa choti wanena kuti ndi yemweyo? Makolo omwewa amene sitiwerenga zitupa zathu tingakhale oyamba kukafunsa kwa ahedi kuti munthuyu ndi ndani kwenikweni.

Loya uja analemba afidaviti yake. Munalowa mayina onse anayi, la abambo lomwe, ndipo langa anati tilisiye lisasokoneze zinthu. Abambo anagwira Baibulo n'kulumbira kuti Rozina ndi mwana wawo, anabadwa mmodzi, ndipo sanakhalepo atatu. Posaina anatenga nthawi yaitali. Nditasuzumira ndinaona kuti akukopera chilembo chimodzichimodzi kuchokera pachitupa chawo, kuopa kubala dzina lina pamaso pa loya.

Ndinaganiza kuti tamaliza. Ndinajambula kalatayo pafoni n'kuitumiza tisanatsike n'komwe masitepe.

Lachitatu Rozina anayankha. Chithunzi sichikwanira. Kalata yeniyeniyo iyenera kupita kaye ku Lilongwe kukadindidwa kuti ivomerezeke kunja, kenako itumizidwe, ikafika kumeneko ikamasuliridwe m'chinenero chawo, womasulirayo nayenso akadinditse. Palibe amene akuchedwetsa dala, ndi mmene zimayendera. A ofesi ija amulonjeza masiku ena ochepa oti akhalebe m'dzikomo podikira, ndipo sukulu yamuuza mosapita m'mbali kuti fayilo yake isanathe asayerekeze kutuluka. Tinawerenga masiku tonse awiri pafoni. Ngakhale zonse zitayenda bwino, kachidindo kotulukira kadzapezeka sukulu zitatsegulidwa kale.

Ntchito mwina aipulumutsa. Tchuthi ndiye chapita, ndipo china chachitali n'cha mu Epulo.

"Tadala mumuuze ndinu, achimwene," anatero. "Ine ndikayamba kulankhula ndilira, ndiye naye alira."

Ndiye musanapinde nyuzipepalayi, ndikupempheni kanthu kamodzi. Lero mukafika kunyumba tsitsani sutikesi ija. Yalani patebulo buku la kusikelo la mwana wanu, chikalata cha ubatizo, lipoti la kusukulu ndi chitupa chanu. Werengani chilembo chimodzichimodzi, mokweza, ngati mwana wa Sitandade 1. Mukapeza kuti zikusiyana, pitani mukavute. Akakunenani kuti ndinu ovuta, vomerani. Kukonza dzina mwana ali Sitandade 3 ndi ulendo umodzi wa kwa ahedi. Kulikonza ali kutsidya kwa nyanja ndi zimene ndakufotokozeranizi.

Tadala ndinamuuza dzulo atabwera kusukulu, asanavule yunifolomu. Ndinayesetsa kunena zoona zokhazokha. Ndinati amayi ako sabwera mu Okutobala, adzabwera mu Epulo.

"Adwala?"

"Ayi, ali bwinobwino."

"Ndiye sakufuna?"

"Akufuna kwambiri. Koma dzina lawo linalembedwa molakwika papepala, ndiye sangakwere ndege mpaka likonzedwe."

Anandiyang'anitsitsa, kuona ngati ndikumunamiza. Kenako anatsegula chikwama chake cha mabuku, anafufuza pansi, n'kutulutsa labala wotafunidwa mbali imodzi.

"Amalume, muwatumizire uyu. Afufute, alembe bwino, abwere."