Zidole Zamchenga za Ama NyaManda

Mwezi wathawu mpingo wathu unaika m'manda Ama Lyness NyaManda a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, amene kwa zaka zambiri ankakhala pa benchi yachitatu, pafupi ndi zenera losweka lija. Ambiri tinalira. Ena tinaliranso ndi manyazi, ndipo ndi bwino kalata ino inene chifukwa chake.

Anabadwira ku Kande m'chaka cha 1957, m'banja la msodzi. Sukulu analekezera sitandade 5, koma Baibulo ankawerenga tsiku ndi tsiku, chala chili pa mzere. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakwatiwa ndi Ada Austin Longwe, amene ankacheka mitengo ya mphira ku esiteti.

Mwana wawo woyamba anatsogoza matako m'malo mwa mutu. Anachirira kumudzi, ndipo amayi akuluakulu ataona kuti zavuta anati ndi mapinga, kutanthauza kuti mtsikanayo anayenda ndi mwamuna wina. Anamuzungulira n'kumati, "Tchula dzina lake, mwana atuluke!" Iye analibe dzina loti atchule. Atatopa kufunsa, amayi aja anagwira timiyendo n'kukoka, ndipo mwana anatuluka osalira. Kuyambira tsiku limenelo NyaManda akafika pamalo oviika chinangwa, nkhani zinkaduka. Anabereka ana ena anayi, koma mbiri ija sinawachoke, ndipo iwo sanadziikire kumbuyo ngakhale kamodzi.

Mu 1989 anapeza ntchito yokolopa kuchipatala chaching'ono, mbali ya amayi oyembekezera. Anakolopa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankakonda kunena kuti, "Ine wa tsache ndimalowa paliponse, ndipo maso sindisiya pakhomo." Atapuma ntchito, mnzawo wina amene anali namwino, Sisita Priscilla, anawauza chinthu chimene chinawasowetsa mtendere: ophunzira uzamba ambiri amamaliza maphunziro asanagwirepo mwana wotsogoza matako, chifukwa amayi otere amatumizidwa kuchipatala chachikulu. Nanga wokagwira ntchito ku Usisya kapena ku Ruarwe, mphepo ya mwera ikatseka nyanja, atumiza kuti?

Priscilla ankadziwa bungwe lina lothandiza maphunziro a tsiku limodzi, koma linkafuna gulu la kumudzi loti lipemphe. NyaManda anapempha m'dzina la amayi a mpingo. Kalata inabwezedwa kawiri, pakuti a bungwe sankamvetsa kuti wokolopa akufunanji m'nkhani za azamba. Kachitatu anavomera kupereka mphunzitsi, mayendedwe ndi chakudya cha ophunzira khumi ndi asanu ndi atatu, mu holo ya tchalitchi chathu. Ife tinangomva kuti kwabwera thandizo, basi tinayamba kuwayang'ana kumapazi ngati agula nsapato zatsopano.

Vuto linali lakuti mphunzitsi anali ndi chidole chimodzi chokha chophunzitsira. NyaManda anati ana amenewa sangaphunzire ndi maso okha. Anapita kwa telala Fredrick ku Chintheche kukasoketsa zidole zisanu ndi chimodzi, za mutu waukulu ndi chibwano chotuluka. Anazidzaza mchenga, nakaziyeza pa sikelo ya ogulitsa nyemba kuti zilemere ngati khanda. Anagulanso zidebe n'kuzidula matako. Fredrick pakamwa sipatsekeka, ndiye sabata isanathe aliyense ankadziwa kuti mayi uja wa mapinga akusunga tiana tansalu m'nyumba. Amayi apakati anasiya kudutsa pakhomo pawo. Wina analumbira kuti anamva kamodzi kakulira.

Kutatsala masiku asanu kuti maphunziro achitike, akulu a mpingo anaitana NyaManda. Ada Kingsley Mhone, amene ankasunga makiyi a holo, ananena mosabisa.

"Ama, holo ndi ya Chiuta. Sitingaitsekulire zinthu zimene sitikuzidziwa. Zidolezi n'za chiyani?"

NyaManda anali atabwera ndi thumba. Anatulutsa chidebe chodula ndi chidole chimodzi, nachilowetsa miyendo ili pansi.

"Ada, chidebechi ndi chiuno cha mayi. Mwana ndi uyu. Tamutulutsani."

Ada Mhone anayang'ana anzawo, napukuta manja pa buluku, nagwira miyendo n'kukoka. Mutu unapendekera kumbuyo, chibwano chinakola m'mphepete mwa chidebe. Anakokanso mwamphamvu, ulusi wa pakhosi unaduka, mchenga unakhuthukira pa buku la maminitsi.

"Wanga anamukoka choncho," anatero NyaManda. "Dzina limene ankandifunsa lija kunalibe, Ada. Kunalibe. Panangosowa munthu wodziwa kuti mwana wotere sakokedwa."

Aka kanali koyamba kuti aitchule nkhaniyi pagulu, patapita zaka zoposa makumi anayi. M'chipindamo munali anthu amene amayi awo anali m'nyumba ija tsiku lija. Ada Mhone anatulutsa makiyi m'thumba naika patebulo.

Maphunziro anachitika. NyaManda sanaphunzitse, ntchito yawo inali kuphika tiyi ndi kusoka makosi a zidole zimene ophunzira aphuma ankadula. Tsiku lonse mu holo munkamveka mawu a mphunzitsi akuti, "Manja kumbuyo, dikira, usakoke!" Sitinganame kuti miseche inatheratu. Ena a ife tinasuzumira pazenera kuti tione ngati zidolezo zikuyenda.

Chaka chino mtima wawo unayamba kufooka. Sabata yawo yomaliza anachezeredwa ndi Bridget, mmodzi wa ophunzira aja, amene tsopano ndi mzamba ku Usisya. Anagwada pambali pa bedi.

"Ama, mwezi wa June kunabwera mayi, mwana atatsogoza matako. Mwera unali utakwiya, boti silikanapita. Ndinaika manja kumbuyo, ndinadikira. Ndi wamkazi, akuyamwa."

NyaManda anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga mayiyo, alipo anamufunsa dzina la munthu?"

"Apongozi ake anayamba. Ndinawatulutsa panja."

"Yewu, mwana wanga. Basi."

Anamwalira Lachinayi m'mawa, ana awo akuimba nyimbo imene anapempha okha, manja ali pachifuwa ngati munthu wamaliza ntchito yake. Zidole zija zili m'kabati ya holo, ndipo amene amazitulutsa chaka ndi chaka, ophunzira akabwera, ndi Ada Mhone. Chija anachidula khosi iwo eni chili ndi ulusi wofiira pakhosi, ndipo iwo salola wina kuchinyamula. Ambuye awapumitse mtumiki wawo mu mtendere, ndipo ife amene tinawakayikira atikhululukire.