Tsiku limene sindinacheuke

Ndikukumbukira Loweruka lina la mwezi wa Juni, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Atate ankagwira ntchito ya ulonda, koma pa unyamata wawo anali katswiri wothamanga, ndipo chaka chimenecho ankandikonzekeretsa mpikisano wa masukulu. Loweruka lililonse tinkakwera minibasi kuchoka kwathu ku Mtendere mu Lusaka mpaka kumene nyumba zimathera, n'kuyamba kuthamanga m'kanjira ka miyala kokwera phiri, pakati pa mitengo ya masuku ndi udzu wouma wokanda m'miyendo.

Vuto langa linali kucheuka. Ndikangomva mapazi kumbuyo ndinkapotoza khosi, liwiro n'kuchepa. Pofuna kundiletsa, Atate ankatsalira dala n'kumandiitana mokuwa ngati avulala. Ndikacheuka ankaseka, kenako n'kundibweza kumunsi kuti ndikayambirenso.

"Iwe Thoko, khosi yako ni ya nkhuku? Olo nikuitane bwanji, osayangana kumbuyo. Manje waluza!"

M'mawa umenewo kunkazizira, mphepo ikununkha utsi wa makala. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti lero sandipusitsa. Titapitirira mwala waukulu wa pakati pa phiri, ndinamva mawu awo.

"Thoko! Thoko, mwana wanga, bwera!"

Ndinaseka chamumtima. Anaitananso kachiwiri, mawu atatsika, ine ndinangowonjezera liwiro.

Ndinafika pamwamba ndekha koyamba m'moyo wanga. Chigwa chonse chinali pansi panga: minda yokololedwa, ng'ombe zooneka ngati nyerere, kamtsinje kakung'anima, ndipo kutali uko fumbi la Lusaka. Ndinakhala pa mwala n'kumakonza mawu owanyoza nawo akafika. Sindidziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Thukuta linauma, ndinayamba kunjenjemera, iwo osaoneka.

Potsika ndinapeza mayi wina wotola nkhuni atagwada m'kanjira, atawatsamiritsa Atate pa mtolo wake. Pakamwa pawo panali patapotoka, dzanja lamanja lili lende.

"Ni batate bako aba? Wenze kuti iwe? Benze kuitana dzina yako mpaka mawu yasila."

Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo namwino anauza Amayi kuti matendawa safuna kuchedwa. Ine ndinali pakhomo, ndinamva. Kuyambira tsiku limenelo Atate sanayendenso popanda ndodo, ntchito inatha, ndipo ku mpikisano uja sindinapite.

Panapita miyezi itatu ndisanalimbe mtima. Tsiku lina ndikuwasambitsa m'manja ndinagwada n'kunena kuti, "Batate, ninamvela pamene munaitana. Ninaganiza ni maseŵera."

Anandiyang'ana. Mawu awo tsopano amatuluka movutikira, limodzilimodzi.

"Nine ninakuphunzitsa. Unafika pamwamba?"

Ndinavomera ndi mutu. Iwo anamwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope imene imagwirabe ntchito, misozi ikutsikira m'beseni.

Pano ndili giredi leveni, ndipo ndinayambiranso kuthamanga chaka chatha chifukwa iwo anandikakamiza. Ndazindikira kuti tonse awiri tinalakwa chifukwa chofunirana zabwino: iwo ankafuna mwana wopambana, ine ndinkafuna kuwamvera. Atate anandikhululukira tsiku lomwelo, koma ine ndikuphunzirabe kudzikhululukira. Aphunzitsi a zamasewera amadandaula kuti ndimataya nthawi, chifukwa mnzanga akagwa pa mpikisano ndimaima n'kumudzutsa. Ndimangowapepesa, koma sindidzasintha.