Mabuku a azakhali anakulunga usipa

Kampani ina yakunja itandilemba ntchito yoifunira anthu olemba mapulogalamu a kompyuta, ndinayamba kuyenda mapewa m'mwamba. Inkafuna anthu anayi oti azigwira ntchito ali kwawo, ndipo inandipatsa mwezi umodzi. Ndikalephera, nanenso yanga ithere pomwepo.

Atatu ndinawapeza msanga ku Mzuzu, chifukwa odziwa Python ndi JavaScript ali mbwee masiku ano. Wachinayi ndiye anandithetsa nzeru. Ankafunika wodziwa COBOL, chilankhulo chakale cha kompyuta chimene makina ena a mabanki akuyenderabe. Malipiro ake anandipweteka mtima, poti ankaposa a atatu aja, ankaposanso anga. Nditafunsa chifukwa, anati ochidziwa akutha, ena anapuma ndipo ena anatisiya. Mwana wa kunyanja sindinafunsenso zambiri, paja nsomba ikasowa mtengo umakwera.

Ndinakwera minibasi ya ku Mzuzu kanayi konse, kuchoka kwathu kunyanja n'kudutsa mapiri onse aja, osapeza munthu. Sabata yomaliza ndinatsikira kumsika, pabenchi ya kaunjika ya azakhali anga, kukangodandaula.

"Wati COBOL?" anatero akukutumula siketi. "Si yomwe ndinkalemba ku Blantyre ija?"

Manyazi anandigwira. Ndinkadziwa kuti anagwirapo mu ofesi asanawachotse pochepetsa antchito, koma ine ndinkangoti ankataipa makalata. Ndinakumbukiranso chaka chimene ndinachoka kukoleji. Anandionetsa katoni ya mabuku onenepa, n'kundifunsa ngati akadali ndi ntchito. Ndinangoona pachikuto, ndinaseka, ndinati ndi zachikale. Anawapereka kwa mayi wa benchi yoyandikana nayo, ndipo anatha ndi kukulunga usipa.

M'mawa mwake ndinawasindikizira mayeso a kampani ija papepala, poti kompyuta analibe. Anavala magalasi, natenga pensulo. Ankawerenga mizere iwiri, n'kuima kuti akangane ndi kasitomala pamtengo wa bulauzi, n'kubwereranso. Dzuwa lisanafike paliwombo anali atazunguliza malo atatu olakwika. Ine awiri okha ndi amene ndinkawadziwa, ndipo ndinachita kuuzidwa ndi kampani.

Anawalemba ntchito, yanganso inapulumuka. Kalata itabwera ndinathamangira kumsika kukawawerengera malipiro, ndikuyembekeza nthungululu. Iwo anangopitiriza kupinda zovala.

"Yewu, mwana wa achimwene," anathokoza motero. "Koma zaka zonsezi ndakhala ndikukuwa mitengo ya masiketi padzuwa pano. Mabuku aja ndinawasenza kuchokera ku Blantyre, ndinawateteza ku chiswe, kudikira munthu wophunzira woti andiuze ngati ndiyambirenso. M'banja mwathu wophunzira unali iwe."