Mano a Atate Aang'ono

Ambuya, agogo anga amene anandilera makolo anga atamwalira, anagulula mano a atate aang'ono ndi nkhafi. Zinachitikira padimba la malemu amayi ku Mphuka, m'mbali mwa Zambezi, ine nditabwera patchuthi.

Nthawiyo ndinkaphunzira uloya ku Lusaka. Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi wosakonda kuseka, ankatiphunzitsa kulemba pepala lotsutsa zimene mnzako wapempha kukhoti. Umayankha ndime iliyonse: iyi tikuvomera, iyi tikukana.

Atate aang'ono, amene ankalimbirana dimbalo ndi ambuya, anapempha khoti liletse ambuya kuponda padimbapo, ati ndi munthu woopsa. Mvula inali pafupi, ndipo ambuya analibe munda wina. Mphunzitsi anavomera kuwaimira, koma anati yankho ndilembe ine.

Pa ndime ya nkhafi ndinalemba kuti tikukana.

"Anatuluka mano angati?" anandifunsa mphunzitsi osakweza mutu.

"Atatu, madamu."

"Wawawerenga bwanji mano a nkhani yabodza?"

Kenako anapitiriza.

"Munthuyu akangoyasamula pamaso pa jaji, pepala lako lonse lafa. Iwe unali kuti?"

"Pansi."

"Pansi pati?"

Ndinawauza. Atate aang'ono anabwera ndi chikwanje n'kuyamba kusadza nthochi. Nditawagwira mkono anandimenya chibakera pakhutu, ndinagwera m'matope. Anandiponda pakhosi ndi jombo, nkhope yanga ili m'ngalande. Ndinkameza madzi. Ndinamva nkhafi ikulira ngati nkhuni youma ikathyoka, jombo n'kuchoka. Nditadzuka atate aang'ono anali atagwada, magazi akutsikira m'malaya, akufunafuna m'udzu. Ambuya anawamenyanso kumsana.

"Nkhafi yachiwiriyo nayonso uilembe," anatero mphunzitsi. "Vomera zonse. Kenako uike jomboyo."

Ndinalemba kanayi asanalandire.

Ku Boma ndinawawerengera ambuya m'Chikunda asanadinde chala. Anamvetsera akutafuna fodya. Nditafika pa mano anandigwira dzanja.

"Atatu wakuuza ndani, mwanawe? Anayi. Lina ndinalipeza polima."

"Ambuya, eni ake alemba atatu."

"Sadziwa kuwerenga. Konza."

Ndinakonza ndi bolopeni, ndinasaina pambali, iwo n'kudinda chala.

Jaji anawerenga ndimeyo kawiri, anayang'ana khosi langa, ndipo anakana pempholo. Anawachenjezanso ambuya za nkhafi.

Sabata yotsatira ambuya anabzala chimanga. Atate aang'ono ndimakumana nawo pamsika wa nsomba. Ndimawapatsa moni, amayankha atatseka pakamwa ndi dzanja.