Bambo Alufandika, Amene Anavula Mkazi Wawo Manyazi

Bambo Fletcher Alufandika, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Nsanje m'banja la Chikatolika. Ali mnyamata wometa kale ndevu anadwala matsagwidi. Masaya ataphwa, nthenda ija inatsikira kumusi n'kutupitsa ziwalo zawo zachimuna, moti anagona masiku angapo akubuula. Atachira, aliyense anaiwala.

Anabwera ku Blantyre kudzafuna ntchito, nakhazikika ku Bangwe monga wokonza njinga. Kumeneko anamanga ukwati woyera ndi mayi Anastasia, mtsikana wa m'kwaya. Mu mphakati wa Yosefe Woyera anali munthu wofika msanga, wosesa pamalo, wosakonda mpando wa kutsogolo.

Zaka zinapita m'nyumba muli zii, mwana osalira. Monga mwa chizolowezi chathu choipa, zala zonse zinaloza mkazi. Mayi Anastasia anamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse, ndipo pampopi amayi anzawo ankasiya nkhani iwo akafika. Mlongo wawo wa bambo Alufandika, mayi Helena, anachita kukwera basi kuchokera kumudzi.

“Achimwene, chuma tinapereka ife,” anatero mayi Helena. “Chumba ameneyu abwerere kwawo, tikupezereni wina.”

Mawu amenewa anawawawa kwambiri bambo Alufandika. M'malo moyankha, anachita chinthu chimene amuna ambiri amachiopa: anapita okha kuchipatala kukayezetsa. Dokotala anawafunsa za matenda a kale, kenako anawauza mosabisa kuti matsagwidi aja anawononga malo amene mbewu ya abambo imapangidwira. Mphamvu za m'nyumba zinalipo, umuna unkatuluka, koma munalibe mbewu yoti n'kupereka pathupi.

Anabwerera wapansi mpaka ku Bangwe, akupemphera korona m'njira. Akanatha kukhala chete, ndipo palibe akanadziwa. Koma kukhala chete kunali kulola kuti mkazi wosalakwa apirikitsidwe. Anayamba auza mayi Anastasia, awiriwo nalira limodzi. Lamlungu lotsatira, mphakati utasonkhana kunyumba kwawo, mayi Helena ali pomwepo, bambo Alufandika anaimirira pa nthawi ya mapemphero a akhristu.

“Abale anga, mutipempherere,” anatero. “Koma mudziwe kuti mayi awa alibe vuto. Wosabereka ndine. A dokotala andiyeza.”

Anthu anazyolika. Mayi Helena anatuluka osatsanzika.

Mtanda wawo unayambira pamenepo. Pamsika anyamata ankanong'onezana kuti uyo anagwa m'papaya. Achibale ena anabwera ndi nzeru yoti alowetse fisi m'nyumba, mwamuna wina woti awaberekere mwakabisira. Iwo anakana mofatsa, amvekere, “Ukwati tinalumbira awiri, wachitatu ndi Mulungu basi.” Sanabwezere chipongwe, ngakhale kuti masiku ena ankafika kunyumba osafuna kudya.

Pang'ono ndi pang'ono amuna ena anayamba kubwera pamalo awo a ntchito ndi njinga zosawonongeka. Ankazungulirazungulira, kenako n'kufunsa motsitsa mawu za kutupa, za mkodzo wovuta kutuluka, za kusowa mphatso m'banja. Bambo Alufandika sankadziyesa dokotala. Ankangopukuta manja, kutseka bokosi la zipangizo, n'kumuperekeza munthuyo kuchipatala. Ankakonda kunena kuti, “Thupi analenga ndi Mulungu, palibe chiwalo chimene Iye amachita nacho manyazi.” Ena mwa amunawo analandira chithandizo ndipo lero ali ndi ana.

Bambo Alufandika atakalamba, mtima unayamba kuwavuta. Mayi Helena, nawonso ali ndi imvi, anabwera kudzathandiza kudwazika, ndipo m'chipinda momwemo anagwada napepesa mlamu wawo. Wansembe atawadzoza mafuta a odwala, bambo Alufandika anagwira dzanja la mkazi wawo.

“Mayi, mundikhululukire. Ndinakumanani ana.”

“Anatimana ana ndi matsagwidi, bambo,” anayankha mayi Anastasia. “Inu munandivula manyazi pamaso pa anthu, n'kuwavala nokha.”

Bambo Alufandika anatsikira kuli chete m'mawa mwake, dzanja lija asanalisiye.

Pa maliro, woyankhulira banja atanena kuti malemu sanasiye mwana, mayi Helena anadzuka pakati pa amayi nanena mokweza kuti nyumba ya ku Bangwe ndi ya Anastasia, ndipo wachibale aliyense wofuna kumutulutsa ayambe wathana ndi iwo. Mayi Anastasia akukhalabe momwemo. Mzimu wa bambo Alufandika uwuse mu mtendere.